Mapuloti a ku Chileka ndi msewu wakale wa ku Matope

Mukatsegula Facebook kapena gulu lililonse la WhatsApp la anthu a ku Blantyre, simutha mphindi zisanu musanakumane ndi malonda a puloti. Ku Chileka, ku Lunzu, ku Matindi, mpaka ku Lirangwe: 15 kwa 30, msewu ulipo, magetsi ali pafupi, kulipira pang'onopang'ono n'kotheka. Sindikunyoza ayi. Ambirife tatopa ndi lendi ya ku Ndirande ndi ku Chirimba, ndipo maloto athu ndi amodzimodzi: kamalo kathukathu, uvuni wa njerwa, malata pamwamba, basi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu oposa pang'ono 100,000 mumzinda wa Blantyre, pamene wa 2018 anapeza pafupifupi 800,000. Anthu onsewa ayenera kugona penapake, ndipo mzinda ukusefukira kumpoto ndi kumadzulo chifukwa ndiko kwatsala malo athyathyathya.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti dera limene tikuliduladulali ndi limodzi mwa madera okhala ndi mbiri yochuluka m'Malawi muno, koma palibe chikwangwani chokuuzani zimenezo. Mukadutsa pa Kameza, msewu wina umakhotera ku Chileka, wina umapitirira kupita ku Lunzu, Lirangwe, Mdeka mpaka pa mlatho wa Zalewa. Mukamatsika mumamva kutentha kukuwonjezeka, malambe ayamba kuoneka, phiri la Michiru latsalira kumbuyo, ndipo tsiku lopanda chifunga maso amafika kumapiri a kutsidya kwa Shire. Okwera minibasi timangoona ngati njira yopitira ku Lilongwe. Koma njirayi inalipo Lilongwe asanalotedwe n'komwe kuti adzakhala likulu.

Nkhani yake imayambira pamtsinje. Mu 1859 David Livingstone anakwera Shire ndi sitima yake mpaka anakakamira pa mathithi a Kapichira. Kuchokera pamenepo kupita kumtunda, mtsinjewu umagwa m'miyala pa mtunda wa makilomita oposa 60, kudutsa Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo, ndipo sitima siingadutse. Madzi amadzakhalanso bata pa Matope. Choncho aliyense wofuna kuchoka kunyanja ya mchere kupita ku nyanja ya Malawi ankayenera kutsika m'sitima kumunsi, kuyenda pamtunda, n'kukakweranso ina pa Matope. Mu 1875 a mishoni ya Livingstonia anaphwasula sitima yawo ya Ilala, anthu mazanamazana a m'midzi ya ku Chikwawa n'kuisenza zidutswazidutswa pamutu, anakailumikiza kumtunda, ndipo pa 12 October chaka chomwecho inalowa m'nyanja. M'mabuku timawerenga mayina a E. D. Young ndi Robert Laws. Amene anasenza zitsulo zija m'dzuwa la mwezi wa September anangolembedwa ngati chiwerengero.

Chaka chotsatira, mu 1876, mishoni ya Blantyre inakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo mu 1878 abale awiri, John ndi Frederick Moir, anabwera ndi kampani imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala. Kuyambira pamenepo njira yozemba mathithi inayamba kudzera kumtunda: kuchokera kwa Katunga ku Chikwawa, kukwera mtunda mpaka pa Mandala, kenako kutsika kuwoloka mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe mpaka pa Matope. Kwa zaka zambiri chilichonse chopita kunyanja, kaya nsalu, mchere, mabelu a tchalitchi, mankhwala kapena mfuti, chinkadutsa m'njira imeneyi pamitu ya amtengatenga, munthu mmodzi katundu wa makilogalamu pafupifupi 25. Pobwerera ankasenza minyanga ya njovu. Azungu eni ake ankanyamulidwa pa machila. Tikamati Blantyre ndi mzinda wa malonda, maziko ake ndi makosi a anthu amenewa, ndipo ambiri a ife amene makolo athu ndi a kwa Kapeni, kwa Kuntaja, kwa Lundu, kwa Chigaru kapena ku Ntcheu, tili ndi agogo amene anayendamo.

Njanji ndi imene inadzatsiriza ntchito ya msewu wa Matope. Inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 anaipitiriza kumpoto kudzera ku Lirangwe, kuwoloka Shire, mpaka ku Salima. M'zaka za m'ma 1930 zomwezo ndege zinayamba kutera pa Chileka. Pa kadera kamodzi kameneka mungaone mibadwo itatu ya maulendo itagonerana: njira ya mapazi, njanji ndi bwalo la ndege. Dziko lina likanamangapo kale kanyumba kosungiramo mbiri.

Tsono funso loti malo agwiritsidwe ntchito bwanji silinayambe lero kuno. Pulani yoyamba yaikulu inali ya Harry Johnston, ndipo inali pulani yolanda. Dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, Johnston anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Maekala oposa 800,000 a kumapiri a Shire anapita m'manja mwa anthu ochepa, monga Eugene Sharrer, John Buchanan ndi kampani ya Mandala ija. M'zikalatamo munali mawu oti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe, koma mawuwo anathera papepala. Anthu anasanduka alendo pamalo pamene anakwirirapo michombo yawo, n'kumalipira lendi ndi thukuta. Ndiyo thangata imene tinaphunzira ku sekondale ngati yankho la mayeso chabe.

Ngakhale Joseph Booth, mzungu amene ankalalikira kuti Africa ndi wa anthu akuda, atafika mu 1892 anatenga malo aakulu m'munsi mwa Michiru n'kukhazikitsa Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi. M'nyumba mwa Booth ndi mmene mnyamata wina, John Chilembwe, anayamba ntchito yapakhomo, n'kumalera kamwana ka Booth kotchedwa Emily. Mu 1897 awiriwa anapita ku America, ndipo zimene zinachitika mu January 1915 mukuzidziwa, nkhope yake ili pa ndalama imene muli nayo m'thumba. Tonse timadziwa za ku Mbombwe ku Chiradzulu. Ndi angati amene amadziwa kuti maganizo a Chilembwe anaphukira pano, kuseri kwa Chilomoni, pamalo amene mpingo wa Zambezi Evangelical ulipo mpaka lero?

Pulani yachiwiri ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi imene inasiya chipsera. Mvula ya dzinja la 1948 kulowa 1949 inadula chimanga chikadali chaching'ono, ndipo boma la Blantyre linali limodzi mwa maboma amene njala inasautsa koposa. Megan Vaughan, amene analemba buku lofotokoza njala imeneyi mu 1987, anacheza ndi amayi a m'midzi ya m'boma lino n'kumvetsera nyimbo zawo za pamtondo. Amayiwo ankakumbukira amuna amene anapita kukasuma chakudya ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Mozambique osabwerera, ena atakakwatira komweko. Ankakumbukira maukwati amene anatha, ndi mizu yakutchire imene anadya. Boma linkagawa chimanga, koma mayi wokwatiwa amene mwamuna wake anachoka ankavutika kulembedwa, poti akuluakulu a boma ankaganiza kuti mwamunayo akumutumizira ndalama.

Atsamunda anaunika n'kunena kuti vuto ndi anthu akuda: achulukana, akulima mowononga nthaka, akulimbikira fodya m'malo mwa chimanga. Zoti anthuwo anapanikizana chifukwa malo abwino anali m'maesiteti, ena osalimidwa n'komwe, sankazitchula mokweza, ngakhale kuti Sidney Abrahams anali atalemba kale mu 1946 kuti boma ligule malo ogonera a m'maesiteti n'kubwezera anthu. Malo ena anagulidwadi, ndipo ku Chingale m'boma la Zomba kunasamutsidwira mabanja ambiri. Koma mphamvu zambiri za boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby zinapita ku malimidwe. Panabwera malamulo a tsiku lobzala, tsiku lozula mapesi, kakonzedwe ka mizere ndi migula yotchinga madzi, ndi mtunda woyenera kusiya m'mbali mwa mtsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena ankamangidwa, ena mbewu zawo zinkazulidwa alangizi akuyang'anira.

M'zaka za m'ma 1950 dera la Lunzu ndi Lirangwe linasankhidwa kukhala limodzi mwa malo oyeserapo kukonzanso minda yonse ya m'midzi. Maganizo ake anali oti timinda tomwazikana tiphatikizidwe, aliyense apatsidwe munda umodzi woyezedwa ndi tepi, pakhale malo a ziweto paokha, a mitengo paokha, nyumba m'mizere yake, ndi kasinthasintha wa mbewu. Mukaziwerenga lero zimamveka ngati zimene mabungwe amalemba m'mapulojekiti awo, ndipo mwa sayansi zina mwa izo sizinali zolakwika. Koma kuno ndi kwa chikamwini. Munda ndi wa mayi, unachokera kwa amayi ake, ndipo mwini mbumba ndiye amadziwa malire. Kamunda ka kudambo ndi ka kumtunda timakhala patalipatali dala, kuti mvula ikavuta kwina upulumukire kwina. Mzungu wa tepi ankaona chisokonezo pamene eni ake ankaona chitetezo. Ntchito zoterezi m'dziko lonse zinagwa pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anthu anabwerera m'malire awo akale.

Mkwiyo wa malimidwe ndi umene unadzaza misonkhano ya Nyasaland African Congress kumidzi. Mlimi wamba nkhani za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ankazimva patali, koma mlangizi wozula chimanga ankamudziwa ndi dzina. Ndiye pa 6 July 1958 anthu zikwizikwi anakhamukira pa bwalo la Chileka kukalandira Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali atakhala kunja zaka zoposa 40. Tsiku la ufulu mu 1964 ndi la lipabuliki mu 1966 anasankha 6 July pokumbukira kutera kwa ndege imeneyo. Pa bwalo lomwelo ndi pamene anamukwezera ndege m'mamawa wa pa 3 March 1959, atamugwira kunyumba kwake ku Limbe, kupita naye kundende ya Gwelo, komwe lero ndi ku Gweru. Chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961, Kamuzu anatenga yekha unduna woona za chilengedwe ndi malimidwe, ndipo kukakamiza kuja kunatha. Mungamukonde kapena kumuda munthuyo, ine ndili ndi maganizo anga pa za ng'ona ndi Mikuyu, koma maholide awiri a pa kalendala yathu ali ndi phazi pa Chileka. Papa John Paul II nayenso anatera pomwepo mu May 1989. Wokwera ndege lero amangodutsa ndi chikwama chake osaona chilichonse chomukumbutsa.

Ndikamamva anzanga amene anapita kunja akunena kuti ife Amalawi sitidziwa kusamala malo, ndimawakumbutsa mbiri imeneyi. Ku England lamulo la 1947 linachititsa kuti munthu asamange popanda chilolezo ngakhale pamalo pake, ndipo London anazunguliridwa ndi lamba wa minda ndi nkhalango mmene mzinda suloledwa kulowa. Kunoko lamulo lofanana nalo linafika mu 1948, koma linali la matauni, la kumayadi kwa azungu ndi mashopu a amwenye. Kumudzi kunapita chikwapu cha malimidwe. Abale athu a ku Cape Town amatitumizira zithunzi ali pa Chapman's Peak Drive, msewu wokongola wa m'mbali mwa nyanja umene unatsegulidwa mu 1922, ndipo ndi ochepa amene amauzidwa kuti anausema ndi akaidi. Kukongola kwa malo kumakhala ndi mwini, ndipo agogo athu anaphunzira kuti munthu akabwera ndi mapu, wina ataya munda. Ngakhale nthawi ya Kamuzu, kukonza mzinda kunkatanthauza nyenyezi yofiira yopakidwa pakhoma la nyumba yoti igwetsedwe.

Komatu kumudzi kuli pulani yakeyake imene yagwira ntchito kuposa malamulo onse a ku Zomba ndi ku Capital Hill. Mukayenda kuchokera ku Lunzu kupita ku Zalewa m'mwezi wa October, dziko lonse lili mbee, kenako muona kagulu ka mitengo italiitali kobiriwira pakati pa minda. Palibe chifukwa chofunsa, amenewo ndi manda. Palibe mpanda, palibe mlonda wa boma, koma ngakhale wootcha makala wolimba mtima bwanji salowamo ndi nkhwangwa popanda mawu a mfumu. Mitengo yachilengedwe imene inatha kwina konse yatsalira kumeneko. Anthu amene amasunga manda chonchi simungawanene kuti sadziwa kupatula malo. Amasunga chimene achimvetsa kuti n'chawo.

Michiru ndiye chitsanzo cha mbali inayo. Ndi phiri lotetezedwa ndi lamulo, ndipo kwa zaka zambiri linali lomaliza mwa mapiri a Blantyre kukhala ndi nkhalango yeniyeni, Ndirande atametedwa kale mpala m'zaka za m'ma 1990. Lero njinga za makala zimatsika usiku ndi usana, ndipo amene timagula makalawo ndi ife tomwe, chifukwa magetsi akazima nsima iyenera kupsa. Apa pali kamzere kozungulira kamene kamandipweteka mutu. Mitengo ikatha, dothi la m'mitsinje ya Lunzu, Lirangwe ndi Likhubula limakokolokera mu Shire. Mu Shiremo ndi mmene muli makina a magetsi a pa Nkula, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, ndi a pa Tedzani ndi Kapichira. Matope akadzaza madamu, magetsi amachepa, ndipo tigulanso makala ena. Madzi ambiri a m'mipopi ya mumzinda amachokeranso pa Walker's Ferry, amapopedwa kudzera pa Chileka kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800, ndi magetsi omwewo. Za zimene phiri lopanda mitengo limachita kwa omanga m'munsi mwake, anthu a ku Chilobwe anaziona mu March 2023 pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche usiku.

Pali cholowa china cha Chileka chimene sichili m'njerwa. M'mudzi wa Singano ndi mmene munachokera Daniel ndi Donald Kachamba, amene anatenga kwela ya ku Joni ndi ku Salisbury n'kuipatsa kakomedwe ka kuno. Katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1970 nyimbo za anyamata a ku Chileka zinkamveka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987. Moya Aliya Malamusi anakhala zaka zambiri kumudzi komweko akusonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zipangizo zoimbira. Onjezanipo Robert Fumulani ndi Likhubula River Dance Band, kenako Evison Matafale, amene anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, ndi Black Missionaries imene ikuimbabe. Mudzi umodzi, mabanja apachibale, mibadwo itatu ya oimba. Ku Jamaica nyumba ya Bob Marley ku Kingston ndi malo amene alendo amalipira kuti alowe. Ife timakumbukira Singano tsiku limodzi pachaka, pa chikumbutso cha Matafale, fumbi likakhazikika tabwerera ku tauni.

Malamulo alipo, musaganize kuti kulibe. Pali lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale la kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pali nthambi ya boma yoona za malo osungira mbiri. Koma mukaona zimene zimatetezedwa ku Blantyre, ndi nyumba ya Mandala ya 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891, ndi zina zotero: njerwa za pakati pa tauni. Njira ya amtengatenga, madooko a pa Shire, malo ogawira chakudya mu 1949, zonsezi n'zovuta kuziika m'kaundula chifukwa si nyumba, ndi dera. Komabe dziko lathu ladziwa kale kuteteza dera lathunthu: Chongoni analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo phiri la Mulanje linalowa mu 2025 chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, ndipo ena anakonzedwanso mu 2022. Limodzi mwa iwo linanena kuti dziko lonse, kuphatikizapo kumudzi, ndi malo oyenera kukhala ndi pulani, kutanthauza kuti khonsolo ya boma la Blantyre ili ndi mphamvu yonena kuti apa pamangidwe, apa palimidwe, apa pasiyidwe. Lina linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, otsogozedwa ndi a gulupu, okhala ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera 3 akhale amayi. Kwa ine mfundo ya amayiyi ndi imene ikusiyanitsa lamuloli ndi tepi ya m'ma 1950, ngati itatsatidwa. Mayi amene akudziwa pamene panali chitsime cha agogo ake ndi pamene pankadutsa njira ya ku Matope ndiye woyenera kukhala ndi cholembera pojambula mapu a mudzi. Koma zimene zikuchitika n'zakuti wogula amabwera ndi galimoto Loweruka, amagwirizana ndi malume mmodzi, mfumu idinda chidindo, Lolemba zikhomo zakhomedwa. Njira ya ng'ombe yopita kumtsinje yatsekedwa ndi mpanda, ndipo mbumba idzamva mochedwa. Nawo msewu waukulu ngati M1 uli ndi malire a mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, koma pitani pa Lunzu tsiku la msika mukaone. A Roads Authority amapaka X wofiira, mvula imachotsa, malonda apitirira.

Misewu iwiri ikubwera imene ingasinthe derali kuposa chilichonse chichokere njanji ya 1935. Woyamba ndi wa Lirangwe kudzera ku Chingale mpaka ku Machinga, makilomita pafupifupi 62, umene Peter Mutharika anakhazikitsa ntchito yake mu 2018 ndipo anthu a kumeneko atopa kuumva pa misonkhano ya kampeni. Umadutsa pakati pa Shire ndi phiri la Zomba, m'dera lomwe lija anasamutsirako anthu ochoka m'maesiteti. Wachiwiri ndi msewu wakale wa ku Mwanza, wochoka pa Chileka kutsikira ku Mpatamanga, kumene kukukonzedwa malo opangira magetsi oposa mamegawati 350, ndipo World Bank inavomereza ndalama zake mu 2025. Magetsiwo tikuwafuna, pamenepo palibe mtsutso. Koma Mpatamanga ndi chimodzi mwa zigwembe zokongola kwambiri za Shire, ndipo damu likadzadza, mbali ina ya njira imene osenza Ilala anatsata m'mphepete mwa mathithi idzakhala pansi pa madzi.

Phula lisanafike ndi nthawi yokhayo imene kupatula malo kumakhala kotchipa. Pa Lunzu mwayi umenewo unapita kalekale, pa Kameza ndi pa Chileka ukutha chaka chino ndi chamawa. Kupitirira Lirangwe kulowera ku Chingale, ndi kumadzulo kwa bwalo la ndege kulowera kwa Kunthembwe, malambe akadali chiimire m'mbali mwa msewu wafumbi, ndipo nkhalamba zimene zinali ana mu 1949 zatsala zowerengeka, zonse zapitirira zaka 75.